Zimene Ndimaona Ndisanakupatse Mankhwala

Enelesi mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano nditakhala pansi pa mango wa kumunda, uja woyang'ana ku phiri la Michesi, pepala lili pabondo. Iwe wapita kukatsanzika abale a mayi ako khomo ndi khomo monga anakulamula amalume ako, a Wedisoni. Ine sanandiitane, ndipo zandikomera, chifukwa zimene ndikufuna kukuuza si zoyankhula pagulu. Ngakhale tili awiri zimandikanika. Ndikangoyamba, iwe umati "ndamva, bambo" ndisanafike n'pakati pomwe, maso ali pa foni. Pepala sungalidule mawu. Uwerenge uli m'minibasi kapena utafika ku koleji, koma uwerenge mpaka kumapeto.

Lamulungu lapitali tikusenda nandolo pakhonde unandiuza kuti unachira. Unati watha zaka zambiri osagwa, ndiye ukakafika kusukulu ya uphunzitsiko uyesa kusiya mankhwala, chifukwa m'chipinda mukakhala atsikana angapo ndipo sukufuna azikakufunsa kuti mapiritsi umamwa m'mawa ndi madzulowo ndi a chiyani. Unanena mopepuka, ngati munthu amene akunena zosintha nsapato. Ine sindinayankhe, ndipo iwe unayesa ndavomera. Sindinavomere. Yankho langa ndi limene ukuwerengali.

Matenda akugwa sanachoke m'thupi mwako, Enelesi. Anangogona, ndipo chowagoneka ndi timapiritsi tomwe ukuchita nato manyazito. Woti anene kuti usiye ndi dokotala atakuyeza, osati iwe, osati ine, osatinso atsikana a m'chipinda mwako. Koma pali china chimene sunachiganizire. Zaka zonsezi wokumbukira mankhwala sunali iwe. Ndinali ine. Iwe unkangotambasula dzanja. Ndipo umandidziwa kuti ndine munthu woiwala: ndinasiyapo khasu kumunda mpaka chiswe chinadya mpini, ndinapitapo ku Migowi kukagula mchere n'kubwerako ndi sopo. Ndiye udzifunse kuti munthu wotere anatha bwanji kukumbukira chinthu chimodzi m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse, kuyambira uli kamwana mpaka lero. Ndikufuna ndikuuze, chifukwa kuyambira mawa ntchitoyi ndi yako.

Unali usanayambe sukulu tsiku limene unagwa koyamba pamaso pa anthu. Unali m'mawa wozizira, chiperoni chitatsika m'phiri, ana nonse mukuwotha moto pabwalo la amalume ako. Ine ndinkamanga nkhuni panjinga kuti ndipite nazo ku boma. Ndinangomva ana akubalalika. Nditatembenuka ndinakuona uli chagada m'mphepete mwa moto, thupi lonse likugwedezeka, mkono wamanzere uli m'makala, diresi lako lachikasu likufuka utsi. Pabwalopo panali akuluakulu, Enelesi. Panali amalume ako, panali akazi awo, panalinso ena amene lero akukupatsa nkhuku zapaulendo. Palibe anasuntha. Ankakhulupirira kuti wakhunyu akagwa, ukakhudza thovu lake kapena akakuphwisira, matendawo alowa iwe. Akazi a amalume ako anakoka mwana wawo n'kumutseka mphuno ndi chitenje. Ndinathamanga kuchokera panjinga paja, ndipo pokunyamula khungu la mkono wako linatsalira m'dzanja langa. Chipsera chimene umabisa ndi malaya a manja aatali chinabwera motero. Sunabadwe nacho. Anthu anachionerera chikupangika.

Ku chipatala dokotala anatiuza kuti si ufiti, sapatsirana, ndipo mwana akamamwa mankhwala mosadumphitsa adzakula ngati wina aliyense. Mayi ako ndiwo anasenza zimenezo. Ine ndinkangodziwa nkhuni ndi khasu. Koma patapita nthawi mayi ako anayamba kudwala, ndipo atazindikira kuti sadzuka, anandiitana n'kundifunsa kuti mwana amamwa mapiritsi angati, nthawi yanji. Ndinalakwitsa. Sanakalipe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu mumaiwala mawu, koma simuiwala chimene mwaona ndi maso. Mbuzi yosokera mumaizindikira ngakhale patapita chaka. Ndiye musavutike kusunga mawu a dokotala. Sungani diresi lija." Ndinawamva. Anamwalira mvula itangoyamba.

Maliro atatha, abale a mayi ako anandikhazika pamphasa kuti andisudzule. Umaudziwa mwambo wathu: mkamwini akafedwa mkazi amabwerera kwawo, ana amatsala kuchikazi. A Wedisoni anayankhula bwino, anandithokoza pomanga nyumba, n'kunena kuti mlendo ndi mame, njira ya kwathu ku Jenala ndikuidziwa. Koma ine ndinali nditamva kale azimayi akupangana kuseri kwa chisakasa kuti ndikangochoka akupititsa kwa sing'anga wa kutsidya, ati mapiritsi a chizungu sachiza matenda a m'mtundu. Choncho ndinagwada, munthu wamkulu ndithu, pamaso pa mlamu wanga wocheperapo msinkhu, n'kupempha kuti nditsale mpaka mwana akule. Anakambirana ine ndili chogwada. Pomaliza anandilola, koma munda wa kudambo wa mayi ako anatenga, n'kundisiyira kamtunda kamiyala kano ndikulemberapo. Kuyambira pamenepo dzina langa m'mudzi muno ndi mkamwini wolondera manda. Unalimvapo, ngakhale sunandiuze. Sindikulemba izi kuti undimvere chisoni. Ndikufuna udziwe chimene chinalipiridwa kuti iwe usagwe, usanakachitaye chifukwa cha manyazi.

Ndinachita monga ananenera mayi ako. M'mawa uliwonse ndisanatsegule chitseko ndinkatsinzina n'kuliona diresi lachikasu lija likufuka utsi. Sindinkalikumbukira chabe, ndinkaliona: mabatani ake, mpendero wosomoka kumbuyo, phulusa m'tsitsi mwako. Ndikaliona, miyendo inkapita yokha pomwe panali mankhwala. Sindinaiwale ngakhale kamodzi nthawi imeneyo. Koma mantha ndi galu woipa, amalondera nyumba n'kumalumanso eni ake. Ndinakuletsa kuyandikira moto. Ndinakuletsa kupita kumjigo. Anzako akamapita kukasewera kumtsinje iwe unkatsala pakhonde. Anzako atayamba sukulu ndinati udikire chaka china, chaka chitatha ndinatinso udikire. Tsiku lina ndikuchokera kumunda ndinakupeza kuseri kwa nyumba utandandalika zitsononkho pamzere, ukuziphunzitsa. Unali ndi kamtengo m'manja. Chitsononkho china chitagubuduzika unachigwira n'kuchikalipira ndi mawu anga enieni kuti chikhale pansi, chisapite kunja, chigwa. Ndinaima pamenepo khasu lili paphewa. Mlungu wotsatira ndinakakulembetsa sukulu. Ndiye ukumbukire ichi, mwana wanga: chithunzi cha mantha chimagwira ntchito, koma ukachisiya chokha chimakumanga miyendo. Usakhale ndi chimenecho chokha.

Chinanso, mantha amasuluka ngati chitenje chochapidwachapidwa. Unatha nthawi yaitali osagwa, unkakhoza m'kalasi, ndipo diresi lija linayamba kuzimiririka m'maso mwanga. Nthawi imeneyo ndi pomwe kunabwera mneneri wina wa tenti, amene anakhoma mapepala m'mitengo yonse ya mumsewu. Papepalapo panali chithunzi cha mayi akuponya ndodo zoyendera m'mwamba, ndi dengu lodzaza mabotolo a mankhwala amene anthu anataya. A Wedisoni anamatula limodzi n'kubwera nalo kunyumba. Analikhoma pa mtengo wa pabwalo pawo, pomwe ndinkadutsa popita kumunda ndi pobwera. Kenaka mawu anayamba kuyenda m'mudzi, akuti mkamwini uja akumudyetsa mwana mapiritsi dala kuti apeze chifukwa chokhalira pa nthaka ya eni. Mawu amenewo anandilasa kuposa dzina la manda lija. Tsiku lina ndili m'phiri kofuna nkhuni amalume ako anakutenga kupita nawe ku tenti, ndipo mankhwala ako anaponyedwa pamoto anthu akuimba. Nditabwera ndinakupeza ukudumphadumpha pabwalo, ukundiuza kuti wachira, sudzamwanso zowawa zija. Ndinayang'ana nkhope yako, ndinayang'ana pepala lija pamtengo, ndipo sindinapite kukatenga mankhwala ena. Pepalalo linali litalowa m'maso mwanganso, chifukwa ndinkaliona tsiku ndi tsiku pamene diresi ndinali nditasiya kuliyang'ana.

Mlungu sunathe. Unagwera pamjigo, chibwano chinamenya simenti, dzino lija lakutsogolo n'kubenthuka. Azimayi anasiya ndowa zawo n'kuima patali. Unagona m'matope mpaka wina anabwera kudzandiitana kumunda. Mneneri anali atapasula kale tenti yake. Ndipo amalume ako, nditabwera nawe kuchokera ku chipatala chibwano chili chosokedwa, anati vuto ndi lakuti chikhulupiriro chako chinachepa. Chikhulupiriro cha mwana wa sitandade 3. Mpaka lero ndikawaona akupemphera kutsogolo m'tchalitchi, mawu amenewo ndi amene ndimamva. Ndikukuuza izi chifukwa mawu amene unandiuza Lamulungu pakhonde ndi omwewo unandiuza tsiku lija pabwalo. Nthawi ino palibe mneneri, koma pepala lilipo. Lili m'foni mwako. Ndi atsikana aja umawayang'ana, osalala mikono, opanda botolo m'chikwama. Chimene munthu amayang'ana tsiku ndi tsiku ndicho chimamuyendetsa, afune asafune. Ukapanda kusankha wekha choti uziyang'ana, ena adzakukhomera chawo pamtengo.

Tsopano ndikuuze za chithunzi chimene chinatifikitsa pano, chimene sindinauzepo munthu. Ndinkachokera ku chipatala kukatenga mankhwala ena, mvula ikugwa, ndikukankha njinga mumsewu wa ku Fort Lister. Pa kamtsinje kaja kamadzaza msanga ndinapeza mphunzitsi wamkazi akuwoloka. Sindinkamudziwa, ndipo sindinamuonenso. Nsapato anali atazigwira m'dzanja, mabuku ali m'jumbo pamutu, madzi akumufika m'mawondo. Kutsidya ana anali ataima akumudikira, wina akutambasula dzanja kuti amulandire mabuku. Palibe ankamuthawa. Ndinaima mvula ikundinyowetsa, ndipo m'mutu mwanga ndinachotsa nkhope yake n'kuikapo yako. Usiku wake sindinaganize zambiri, koma m'mawa mwake ndikusamba kumaso chithunzicho chinabweranso, ndipo ndinachikonza. Ndinakuika m'kalasi, utaima pa bolodi, ukulemba ndi choko. Ndinakuveka bulauzi ya manja aafupi. Chipsera ndinachisiya pomwepo, fumbi la choko litagwera pamwamba pake, ana akuyang'ana zimene ukulemba osati mkono. Ndinayesapo kuchifufuta chipseracho kuti chithunzi chikongole, koma chikatero munthuyo sankakhalanso iwe, ndipo sichinkandikoka. Chithunzi chabodza sichidzutsa munthu m'mawa wozizira.

Kuyambira pamenepo ndinachimangirira ku madzi osamba kumaso. Madzi akangokhudza nkhope, ndimatsinzina n'kukuona pa bolodi paja. Sizitenga nthawi, n'kupuma kuwiri kokha. Ndikatsegula maso dzanja limapita pa mankhwala. Madzulo ndikamasamba m'manja kuti tidye, chimodzimodzi. Ndinazindikiranso kuti chithunzi cha m'mutu chimafuna mnzake wa kunja, woti maso akumane naye ngakhale mutu uli kwina. Ndi chifukwa chake kapu yobiriwira ija yomwera mankhwala imakhala pamsomali wa pachitseko, pomwe munthu sangatuluke osaiona. Unkayesa ndi malo ake chabe. Ayi. Ikakhala pamsomali ndiye kuti sunamwe, ikakhala pawindo ndiye kuti wamwa. Anthu akhoza kuseka kuti bambo wamkulu amasewera ndi kapu, koma kapu imeneyo inakumbukira masiku amene mutu wanga unali wodzaza ndi njala, maliro ndi milandu ya malire a munda.

Usaganize kuti chithunzi chimachotsa ulesi kapena kutopa. Sichichotsa. Chimangokupatsa poyang'ana pamene thupi likukana. Chaka chija madzi anatsika m'phiri n'kukokolola milatho, mankhwala ako anali atatsala pang'ono. Njinga sinkayenda. Anthu anandiuza kuti ndidikire madzi aphwe, mwana sangafe posamwa masiku ochepa. Thupi langanso linkanena zomwezo. Ndinanyamuka wapansi, matope akufika m'ntchafu, ndikudutsa pomwe panali nyumba za anthu amene ndinkawadziwa. Panjira ndinakhala pamwala ndikufuna kubwerera. Bolodi lija linakana kubwera tsiku limenelo, mutu unali utatopa. Ndiye ndinaitana diresi lachikasu, ndipo linabwera msanga, monga limachitira. Ndinadzuka. Choncho usunge ziwiri zonse. Chabwinocho n'cha tsiku ndi tsiku, ngati ndiwo zamasamba. Choopsacho n'cha tsiku limene chabwino chakana, ndipo iwe sufunika kuchisaka kutali. Ungopinda dzanja la malaya.

Dzulo amalume ako anapha mbuzi. Unaona wekha momwe anayankhulira, kuti mbumba yawo yatulutsa mphunzitsi, kuti mwanayu anamulera movutika, kuti mapemphero a banja ayankhidwa. Anthu anaomba m'manja. Akazi awo, aja anatseka mwana mphuno, anakuveka chitenje chatsopano n'kulira. Itafika nthawi yojambula, onse anaima nawe pansi pa mtengo womwe uja panakhomedwa pepala la mneneri, ndipo a Wedisoni anandipatsa foni yawo. Anati, "Alamu, inu ndinu wamtali, tijambuleni bwino tonse tioneke." Ndinajambula. Onse akuoneka. Ndinaona kudzera pagalasi la foniyo kuti mkono wamanzere unaubisa kumbuyo kwa msuweni wako, ndipo unamwetulira osatsegula milomo chifukwa cha dzino. Chithunzi chimenecho adzakutumizira, ndipo udzachisunga chifukwa n'chokongola. Sunga, palibe mlandu. Koma usachitenge kukhala chokudzutsa m'mawa. Mtsikana ali m'menemo alibe chipsera, alibe matenda, alibenso bambo. Ameneyo safunika mankhwala, ndipo ukamuyang'ana kwambiri udzamukhulupirira.

Pali chinanso chimene ndinachita mlungu uno osakuuza. Lachiwiri m'mawa ndinasamba kumaso, ndinakuona pa bolodi monga mwa nthawi zonse, koma dzanja ndinaligwira. Ndinafuna ndione ngati ungakumbuke wekha. Ndinakhala pakhonde ndikunola chikwanje chimene chinali chakuthwa kale. Unatuluka pachitseko kukatenga makala a ayironi, unalowanso, unatulukanso kukayanika zovala. Kapu inali pamsomali, kufupi ndi khutu lako, ndipo unaigunda ndi phewa mpaka inagwedera. Sunaione. Dzuwa linakwera mpaka mthunzi wa nkhokwe unafupika. Pamenepo ndinalephera kupirira, ndinakupatsa, ndipo iwe unameza uku ukuyankhula ndi mnzako pafoni. Sindikukunyoza. Kapuyo ndi yanga, chithunzicho n'changa, iwe sunakhalepo ndi chifukwa choziyang'anira. Mwina ndinakusenzera nthawi yaitali kuposa moyenera. Koma tsopano ukuona chifukwa chake ndikulemba.

Ndiye upange chako, Enelesi. Changa chija sichingakuthandize, ndipo ngakhale kwa ine chayamba kutha mphamvu chifukwa chatsala pang'ono kuchitika. Usathamangire. Mlungu woyamba ku koleji uziyang'ana mozungulira, udzapeza chinthu chimene mtima wako ukuchifuna moona. Kaya ndi kalasi lako loyamba, kaya ndi nyumba ya aphunzitsi yokhala ndi maluwa pakhomo, kaya ndi mwana wako amene sanabadwe, uli naye kumbuyo ukuphika pamoto wopanda mantha. Ndiwe udziwa. Koma chikhale chooneka bwino, chokhala ndi mtundu ndi fungo, osati mawu oti "tsogolo labwino" amene amalume ako amakonda. Tsogolo labwino lilibe nkhope. Ndipo iwe ukhalemo momwe ulili, mkono ndi dzino lomwe. Ukachipeza uchimangirire ku chinthu chimene umachita kale osaganiza, monga kutsuka mano. Botolo la mankhwala usalikwirire pansi pa sutikesi. Chobisika chimaiwalika. Uliike pomwe pali mswachi, poyera.

Nkhope yanga usaisankhe. Ndikudziwa kuti ukawerenga kalatayi udzafuna kumwa mankhwala chifukwa cha ine, chifukwa cha kugwada kuja ndi matope aja. Zimenezo zidzakugwira mwezi umodzi, kenaka udzayamba kudana nane pang'onopang'ono, ndipo tsiku lina udzasiya kumwa kuti ungopumako kwa ine. Ndaona ana ambiri akutero ndi makolo awo. Sindikufuna kukhala katundu wa pamutu pako. Umwe chifukwa cha munthu amene ukufuna kudzakhala, osati chifukwa cha nkhalamba ya kumudzi.

Za atsikana a m'chipinda mwako, usankhe mmodzi wooneka wodekha umuuze zoona usanagwe, osati utagwa. Umuuze kuti sapatsirana. Umuuze kuti zikachitika akuchotse pafupi ndi moto kapena madzi, akugoneke cham'mbali, aike chofewa kumutu, asakuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo zikatalika aitane thandizo. Mwina adzakuseka, mwina adzauza ena. Anthu ndikuwadziwa, sindikulonjeza kuti ophunzira ndi abwino kuposa a pamjigo. Koma kusekedwa utaima kuli bwino kuposa kuoneredwa uli pansi. Uzigona mokwanira, ngakhale nthawi ya mayeso, chifukwa dokotala anatiuza kuti kusagona kumadzutsa matendawa. Mowa usaulawe ngakhale akuuze kuti ndi wotsekemera. Ndipo usadikire kuona pansi pa botolo kuti upite ku chipatala. Ukangofika ufunse komwe chili, ukadzionetse uli bwinobwino. Ngati ukufunadi kudziwa zosiya mankhwala, ukafunse kumeneko, ndipo chimene akakuuze uchite. Akadzanena okha kuti usiye, ine ndidzakhala woyamba kuvina. Koma iwe wekha usasiye. Ndabwereza, ndikudziwa. Usasiye wekha.

Za ine ukudziwa kale, unalipo pomwe a Wedisoni ananena kuti mwana wakula, pangano latha. Ndikolola nandolo yekhayu, kenaka ndinyamuka. Nyumba akuti alowamo msuweni wako ndi mkazi wake. Malata ndinakhoma ndine, njerwa ndinaumba ndine, koma mkamwini sanyamula nyumba. Mlongo wanga ku Jenala wandisungira kachigawo kamunda ndi kanyumba kamene ankasungiramo mbuzi. Usalimbane ndi amalume ako chifukwa cha ine. Kuno n'kwanu, manda a mayi ako ali kuno, ndipo munthu wamkazi wa mtundu wanu akataya kwawo alibe kwina. Uziwapatsa ulemu, uziwayendera. Koma za thupi lako usawafunse nzeru, ngakhale atakalamba bwanji. Patchuthi ukafuna kundiona ukwere za ku Jenala, ukafunse dzina la azakhali ako.

M'mawa uno ndikusamba kumaso ndinayesa kudziona ndili ku Jenala, kuti nanenso ndikhale ndi chondidzutsa ndikakafika. Sindinaone kanthu. Ndinaona khoma ndi chingwe cha mbuzi basi. Zaka zonsezi maso anga anazolowera munthu mmodzi, ndipo sadziwa kuyang'ana kwina. Imeneyo ndi ntchito yanga, ndiipeza ndekha, usaisenze.

Ndikumva mawu ako kumunsi, mwabwerako, ndiye ndilekere pano. Mawa ndikuperekeza panjinga mpaka pa siteji. Sindidzayankhula zambiri pamenepo, amalume ako adzayankhula zokwanira tonse. Foni yanga ndi yomwe ija, ku Jenala imagwira ukakwera pachulu. Ukadzandiimbira sindidzakufunsa ngati wamwa mankhwala. Funso limenelo ndatopa nalo, nawenso watopa nalo, ndipo kuyankha kuti eya n'kosavuta. Ndidzakufunsa kuti lero m'mawa waona chiyani. Ukadzandiuza, ndidzagona. Ukadzakhala chete, ndidzadziwa.

Ndine bambo ako.